Dzina la Kilidafu

Maliko anali atafufuta kale zilembo zitatu pakhoma la golosale yake pa Mitundu. Penti wakuda ankayenderera mpaka m'chigongono, koma iye analibe nazo ntchito. Ankafuna kuti dzina loti Kilidafu lichoke dzuwa lisanapendeke.

Zinayamba m'mawa. Mphunzitsi wina wodzagula sopo anafufuza dzinalo pa foni mongocheza. Anapeza kuti ndi la Chigeliki, chilankhulo chakale cha ku Ayalandi, ndipo eniake amalemba kuti Kilduff. Tanthauzo lake analiwerenga mokweza: mwana wa wantchito wakuda. Akabaza amene anali pakhonde anafa ndi phwete.

Maliko ankadziwa chinthu chimodzi chokha, choti dzinalo linachokera ku esiteti ya fodya kufupi ndi Nathenje, kumene agogo ake aamuna anabadwira. Zotsalazo anazilumikiza yekha. Mzungu wa pa esitetiyo anayang'ana wantchito wake n'kumudinda chipongwe ngati ng'ombe. Banja lonse lakhala likusenza chipongwecho monyadira. Iye mwini anachilemba pakhoma, ana ake akuchiyankha kusukulu tsiku ndi tsiku.

"Tsika pamakwereropo, iwe!"

Anali azakhali ake, a Felesiya, mlongo wa malemu bambo ake, amene amagulitsa matimati mumsikamo. Wina anali atakawatsina khutu.

"Ndisiyeni, azakhali. Mawa ndikupita ku boma kukasintha ziphaso. Ana anga sakhala antchito a munthu."

"Wapenga kodi? Ukufufuta atate anga?"

"Atate anuwo anatukwanidwa, iwo n'kuwomba m'manja! Inunso mwakalamba nacho chitukwano osafunsa n'komwe."

Anthu anayamba kuunjikana. A Felesiya anatula dengu pansi mwamphamvu, matimati n'kumwazika m'fumbi. Sanawatole. Anagwira makwerero ndi manja awiri n'kuwagwedeza mpaka Maliko anatsika, akutukwanira m'kamwa.

"Atate ankadana nayo nkhaniyi, anatiletsa kuikamba," anatero a Felesiya. "Koma poti lero wawachititsa manyazi pagulu, uimvera pagulu pomwepa. Ndani wakuuza kuti mzungu uja anatipatsa dzina?"

"Nanga linachita kugwa ndi mvula?"

"Kilidafu anali mzunguyo! Za wantchito wakuda akafunse makolo ake kwawoko. Anapereka mimba kwa agogo anga ali mtsikana wosankha fodya, n'kuwathamangitsa ngati galu, ati mwanayo sakumudziwa. Mwanayo ndiye atate anga. Tsiku la ubatizo wawo, tchalitchi chitadzaza, akapitawo a mzunguyo ali momwemo, wansembe anafunsa dzina la bambo. Agogo anaimirira n'kulitchula mokweza mpaka akumbuyo anamva. Dzinali sanatipatse, Maliko. Tinachita kumulanda."