Mbuzi Pachulu cha Netiweki

A Gerishon anali atamangirira kale mbuzi pachitsa pamene mwana wawo Yunike amafika pachulu. Kwawoko ku Magaleta netiweki imapezeka pachulu chimenecho basi. Ukangotsika pang'ono, foni imasanduka tochi.

Pamkeka anayalapo mphotho zonse zimene Yunike anapata chiyambireni sukulu. Ndowa ya mpikisano wa masamu. Ambulera ya mtsutso. Khasu la kalabu yodzala mitengo, lodyeka kale mbali imodzi. Mbuziyo inali ya chimangirizo. Kuno mwana akapambana sapatsidwa chikho. Amapatsidwa chinthu choti apakhomo aone phindu la sukulu.

Yunivesite imene Yunike anapemphako malo inali ya kutsidya kwa nyanja, yaulere, yosankha mmodzi pa chikhamu. Chotsala chinali kucheza nawo pafoni yoonana nkhope. A Gerishon anamva pabawo kuti masukulu otere amawerenga mphotho kuposa malikisi, ndipo za pabawo iwo sankazikayikira.

"Aone ndi maso awo," anatero. "Pepala aliyense akhoza kulemba. Mbuzi sungailembe."

Yunike anaona kuti malo ake athera pachingwe cha mbuziyo. Koma kuwaletsa bambo ake kunali ngati kukalipira mvula. Ndiye anakonza kanzeru. Kalata ya yunivesite inati kucheza kwenikweni kudzakhala masana, nthawi imene mkuluyo amakhala kudimba. Za m'mawazi anapangana ndi Faizal, mnzake wa kusekondale amene ankagwira ntchito ku Blantyre, kuti apeze mayi wina wa kuofesi kwawo, woyankhula Chingerezi cha m'mphuno, aimbe ngati wa kuyunivesite. Bambo aonetse mbuzi yawo, mtima ukhale m'malo, azipita.

Foni inalira. Nambala yachilendo. Panaoneka mayi wa magalasi, kumbuyo kwake mabuku mpaka kudenga. Yunike anamutayira kamtengo Faizal chamumtima. Mnyamata uja sachita zinthu mwamphwayi.

A Gerishon anamanga batani la jekete n'kulanda foni. Chingerezi chawo anachitola ali kapitawo pa esiteti ya tiyi, choncho chinali cholamula chokhachokha. Anamulamula mayiyo kuti ayang'ane ndowa, n'kuigogoda kuti amve yekha kuti siidontha. Anatambasula ambulera. Pofika pa mbuzi anavula chipewa n'kufotokoza kuti yopambanayo inamwalira, iyi ndi mdzukulu wake, koma nzeru ndi zomwezo.

Mayiyo sanaseke. Anathokoza, kenaka ananena mofatsa kuti mphotho zimathandiza ndithu, koma pang'ono. Iwo amafuna kudziwa munthuyo.

A Gerishon anatseka foni ndi chikhatho.

"Wamva? Akuzinyoza dala kuti atsitse mtengo. Usagonje."

Yunike analandira foni ali phee. Mayankho ake oloweza, aja onena za kutukula dziko, anawasungira masana. Sewero silidyera ndiwo za alendo.

"N'chifukwa chiyani wasankha yunivesite yathu?" anafunsa mayiyo.

"Ndinalembera zinayi. Zitatu sizinayankhe."

"Pa mphotho zonsezi, umanyadira iti?"

"Ndowa. Ndi yokhayo imene imagwira ntchito tsiku lililonse osadya kanthu."

"Nanga maphunziro a matenda a ziweto ukuwafuniranji?"

Apa Yunike anaiwala pang'ono kuti akusewera. Anasimba za agogo ake a mbuziyo, momwe anatupira mimba dzinja lina, msewu utaduka, mlangizi wa ziweto ali kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Anaimwetsa mafuta ophikira, anaimwetsa makala osinja, inafabe iye ataigwira mutu. Chimene chinamuwawa si imfayo, koma kuti mudzi wonse unali ndi maganizo ndipo panalibe wodziwa.

Kenaka mayiyo anafunsanso.

"Chofooka chako chachikulu n'chiyani?"

"Ndi awa aima apawa. Bambo anga."

A Gerishon, atamva kuti atchulidwa, anasuzumira pafoni n'kuwerama mwaulemu. Mbuzi nayo, itaona kuti palibe akuilabadira, inayamba kudya ambulera.

Mayiyo anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati anthu amene wacheza nawo sabata imeneyo ngambiri, onse ofuna kutukula dziko, koma wamoyo wamupeza lero.

"Ukabwere ndi majuzi," anatero. "Kuno kumazizira."

Yunike anaona kuti apa ndiye mchere wachuluka, koma ntchito yabwino imayamikiridwa.

"Mayi, mwaitha," anatero. "Mukawauze abwana anu akukwezeni pantchito."

A Gerishon anapinda mkeka monyadira.

"Ndinanena ine. Waona mmene amaiyang'anira mbuziyi? Ukanakhala wekha bwenzi utapita ndi madzi."

Ananyamula khasu la mphotho lija, nakokera mbuzi yawo kudimba akuimba mluzu.

Yunike anapuma mozama. Anakhala pamwamba pa chulu, nakonza kolala, n'kuyamba kubwereza chapansipansi mayankho enieni aja. Foni inaliranso. Anali Faizal.

"Yunike, pepa mwana wa amayi. Mayi uja wapita kumaliro, ndasaka wina m'mawa wonse koma onse akukana. Mdala akadali pompo? Ndiimbe ndekha nditavala wigi?"

Yunike anakweza maso kumwamba. Kumene kuli yunivesiteyo dzuwa limafulumira kutuluka, ndipo kumeneko anali kale masana.