Mawu Awiri a pa Chiliza

"Bwana, pa chiliza cha malemu akazi anu tilembe 'missed' kapena 'lost'?" anafunsa mmisiri wosema miyala, tchizulo chili m'manja. "Musankhe bwino, zapamwala sizifufutika."

Ndinaseka mokweza. Ine, mwini malole asanu ndi awiri, munthu woti mapasipoti awiri anadzaza ndi zidindo! Ndakambiranapo malonda ndi azungu m'Chingerezi chawo chomwe, iwo n'kumangogwedeza mitu.

"Iwe, zimenezo ungafunse ine?"

"Ndiye nenani, bwana."

Mawu onse awiri ndinkawadziwa, koma kusiyana kwake ayi. Zaka zonsezi, mawu akafanana chonchi ndinkanamizira chifuwa, n'kutuluka panja kukaimbira mkazi wanga, yemwe anali mphunzitsi. Iye ankandinong'oneza yankho, ine n'kubwerera m'katimo ngati Chingerezicho ndinabadwa nacho.

Ndinatsokomola. "Tadikira pang'ono."

Panja, pakati pa miyala yopanda mayina, chala changa chinapeza chokha nambala ija. Ndinaika foni kukhutu.

M'thumba la jekete langa, pamtima penipeni, foni yake inayamba kulira. Ndinaisiya ilire mpaka inaleka yokha, mmisiri akundidikirira pakhomo.