Dzina la Apongozi

Nelia anali atagwada pamphasa, matenda atamuyamba mwezi wobereka usanakwane. Mzamba wapafupi anali mayi ake omwe, kutsidya kwa dambo.

Mwamuna wake, Lufeyo, anatola foni. Masiku ano foni silumikiza munthu mpaka makina azindikire mawu ake, iyenso atchule dzina la pachiphaso la amene akumufuna. Mawu a Nelia makinawo anali atawakana kale chifukwa cha kubuula.

"Mukufuna ndani?" anafunsa makinawo.

"Apongozi anga."

"Dzina limenelo palibe."

"ANachisale."

"Palibe. Mukalakwitsanso, foni itsekedwa mpaka mawa."

Chilowereni chikamwini, dzina lapaubwana la apongozi linali lisanadutsepo pakamwa pa Lufeyo. Komanso makinawo asanalumikize, eni dzina amayamba amva mawu a woimbayo akuwatchula.

"Tchulani, inu!" anakuwa Nelia. "Ulemu wanuwo undiphetsa!"

Lufeyo anavula chipewa, nagwada, n'kuifulatira foniyo.

"Elube," anatero.

Kenaka mawu aukali anamveka pafonipo.

"Ndani akundiitana ngati kamtsikana?"

"Pepani mayi, ndine mkamwini wanu. Nelia nthawi yakwana."

"Ndiye mukupepesa chiyani? Dzina si mphika, silisweka. Terekani madzi pamoto, ndanyamuka."