Makingi Atatu pa Geti la Komboni

Thirakitala itaima pa geti la komboni, a Adriano anatsika atavala buluku loyera. M'ngolo munadzaza ovina beni a m'mapulazi atatu a ku Concession, aliyense atabisa chibonga m'jekete. Makingi awo atatu anakhala kutsogolo, nyota za malata zili waliwali pachifuwa.

Beni ndi gule wa asilikali opanda mfuti. Ali ndi masajeni, makaputeni, ndipo pamwamba pa onse pali Kingi. Papulazi pano Kingi anali a Adriano kuyambira nthawi ya Chitaganya. Msana wawo unathera kale m'minda ya fodya, koma mzungu mwini pulazi ankasiyira nyumba mtsogoleri wa gule, poti gule ndiye ankagwira antchito miyendo kuti asasamuke. Kupatula nyumbayo analibe kwina kolowera. Ku Tete anachokako asanamere ndevu, ndipo kumeneko mfuti zinali zitayambanso kulira.

Koma m'chaka cha 1981 chino anyamata anali atalawa ufulu. Lamlungu lapitalo Chisoni, woimba ng'oma yaikulu, anakwera pamgolo n'kulengeza kuti dziko lamasuka, beni nayenso amasuke: ukingi watha, mtsogoleri azisankhidwa ndi anthu. A Adriano sanadikire kuvulidwa chipewa pamaso pa ana. Anazemba kuseri kwa zigafa, ulendo wa kwa Kingi Jameson wa papulazi lina, kumene anadzitsekera m'nyumba sabata yonse. Aliyense wowafuna ankauzidwa kuti apita ku Guruve.

Makingi sanavute kunyengerera. "Mnzako akapsa ndevu m'zimire," anatero a Jameson, akusisita zawo. Koma kuzima kwake sikunali kwaulere. A Jameson anafuna ng'oma yaikulu, Kingi Lazalo malipenga, Kingi Cipriano mayunifolomu. A Adriano anavomera zonse. Kingi wopanda ng'oma amagonabe pansi pa denga.

Tsopano pa geti paja wezulo inalira.

Nkhondo yake sinakhalitse. A m'komboni anali pabwalo chimanjamanja, ena akumetana, amayi akuyanika zovala. Zibonga zinagwa ngati matalala. Chisoni anakumbatira ng'oma mpaka pamene anamuthyola mkono. Atangopambana, ogwirizanawo anatembenukirana okhaokha, pakuti a Lazalo anakumbukira kuti nawonso amaikonda ng'omayo. Anaikoka uku ndi uku mpaka chikopa chinang'ambika.

Galimoto ya mzungu itatulukira m'fumbi, makingi atatu aja anakwera ngolo mwaliwiro losayenera maudindo awo, thirakitala n'kubangula. A Adriano anatsala okha pakati pa bwalo, chipewa chili m'manja.

Mzungu sanatsike n'komwe. Analankhula pawindo, kapitawo n'kumasulira. "Bwana akuti safuna kudziwa wayamba ndani. Ichi n'chipwirikiti cha beni. Amene akutsogolera beni, kaya ndani, amange katundu. Dzuwa lisamulowere papulazi pano."

Mpweya unabwerera m'chifuwa cha a Adriano. Anayang'ana Chisoni, amene anakhala pansi atafumbata mkono wake. Mwana wa anthu, ndithu. Koma mpando anaufuna yekha, ndipo akachoka, anthuwa adzathamangira kwa yani? Anavala chipewa, n'kuwongola msana mmene ukanathera.

"Bwana anena zoona," anatero mokweza. "Wolamula ndiye amayankha mlandu. Paja munati mukufuna masankho, makomuredi? Amene munamusankhayo aime apa, timuone."

Palibe anasuntha. Amuna anazolika. Mwana wina analira, mayi wake n'kumutseka pakamwa.

"Mukuchita manyazi ndi mtsogoleri wanu? Mtchuleni!"

Mayi Filesi, mlembi wa komiti ya masankho, anadzuka akupukuta magazi pamphumi ndi nsonga ya chitenje.

"Sekuru," anatero motsitsa, "ife timadana ndi dzina la ukingi, osati munthu. Tsiku lija titakusowani tinaika mpando wanu pakati pa bwalo, wopanda wokhalapo, ndipo posankha mtsogoleri tonse tinafola kumbuyo kwake. Chisoni ndiye anali woyamba pamzere."

Kapitawo anatambasula dzanja. "Makiyi, a tcheyamani."