Netiweki ya M'sokosi

Tandiyankheni: n'chiyani chopanda miyendo koma chimakweza nkhalamba pachulu? Ndi netiweki ya kampani ya Mphezi.

Masiku amenewo lamulo linati khomo lililonse likhale ndi kampani imodzi ya foni. Kuisiya kunali ngati kuthetsa ukwati: mpaka wakampani abwere, avomere yekha kuti zakanika. ANasoko anafuna kusamukira ku kampani ya Kamphepo. Anatopa nako kukwera chulu ndi maondo otupa kuti aone mwana wawo wa ku Joni pavidiyo.

Wa ku Mphezi, bambo Chikafa, anafika atavala tayi, azimayi a pamjigo n'kusonkhana.

"Mayi, Mphezi imagwira ngakhale m'chimbudzi. Ine sindinakhudzepo ina chibadwire."

"Ndiye khalani pamkekapa, achimwene, mundionetse mwana wanga. Simunyamuka ndisanamuone."

Bambo aja anagwedeza foni, anaikweza m'mwamba, anaipukuta ndi tayi. Zii. Kenaka m'sokosi mwawo munalira kafoni kena, kakuimba kanyimbo ka Kamphepo kamene mudzi wonse umakadziwa.

"Yankhani, bambo," anatero aNasoko. "Mwendo wanu uli ndi netiweki."

Azimayi anaseka mpaka kugwirana, aChikafa akusayina chikalata chomasula aNasoko, sokosi ikulirabe.