Amuna Awo a Aphunzitsi a Purificacion

Eustaquio Dimaculangan anabwera kudzalembetsa penshoni ya malemu mkazi wake, Purificacion, atavala malaya oyera opeta omwe ankasungira maukwati ndi zisankho. Pabenchi ya mu ofesiyo anakhala pafupi ndi nkhalamba ina yonunkha nsomba zouma, imene inkangopotokola chipewa m'manja.

"Mwaferedwa, achimwene?"

"Mkazi wanga, bwana."

"Inenso wanga. Mphunzitsi wa boma. Nanga malamulo ake a muno mukuwadziwa?"

Nkhalambayo inatsegula pakamwa, koma Eustaquio sankafunsa kuti ayankhidwe.

"Mvetserani. Ine ndagwirapo ntchito kwa loya ku Manila." Sananene kuti inali yotsegula geti. "Kuno kwathu ukwati sutha. Penshoni ya malemu imapita kwa mwamuna wa paguwa, basi. Ine ndinachoka pakhomo kalekale, ndinati ndikasake ntchito ku Davao. Zinachitika kumeneko ndi nkhani ina. Koma mkazi anakhalabe wanga."

Sananenenso kuti chichokere sanatumizepo ngakhale moni, kapena kuti za imfayo anazimva mujipi yonyamula anthu, maliro ataikidwa kale.

"Enawa ongolowa m'nyumba za eni, n'kumatsuka mbale mpaka kumera imvi, amatuluka muno chimanjamanja."

"Zoonadi, bwana," inatero nkhalamba ija.

Kenako kalaliki anaitana pawindo: "Amuna awo a malemu aphunzitsi a Purificacion!"

Onse awiri anaimirira.

Eustaquio anamuyang'ana mnzakeyo kuyambira kuchipewa mpaka kumasilipasi, ndipo anamvetsa. Anamusisita paphewa mwaulemu wa munthu wopambana.

"Ooh, ndinu munkatsuka mbale? Pepani, achimwene. Lamulo ndakufotokozerani kale." Anatembenukira kuwindo, n'kukweza mawu kuti a kumbuyo amve nawo. "Eustaquio Dimaculangan. Mwamuna wake wa paguwa."

Nkhalamba ija inagwetsa chipewa, n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda.

"A Eustaquio? Mayi Maria!" Inamugwira mkono ngati ikuyesa nsomba pamsika. "Purificacion anakudikirani, bwana, mpaka khoti linagamula kuti munafa. Ndiye tinakwatirana kwa jaji. Misa yopempherera mzimu wanu ndimalipira ndine chaka chilichonse. Ya chaka chino ndalipira kale."

Malemu Eustaquio anafunafuna khomo ndi maso, koma linali kutali, kuseri kwa anthu onse aja anawakwezera mawu.