Chithunzi chinaima pa chipata cha manda

Panali munthu wina dzina lake Valeriu, wa m'mudzi wina pafupi ndi tauni ya Soroca. Tsiku loika maliro a bambo ake, msuweni wake Ilinca anaona kamzere kofiira kakuphethira pa laputopu ya Valeriu, yomwe ankafuna kuulutsira malirowo pa intaneti. Mtembo unali m'chipinda momwemo.

Mchemwali wake wa Valeriu, Profira, ankasamalira gogo wina ku Italy. Mapepala ake anali asanatuluke, ndipo akanabwera sakanaloledwa kubwereranso. Iye anapempha chinthu chimodzi chokha: kuona nkhope ya bambo ake bokosi lisanatsekedwe.

Ilinca, yemwe anaphunzira za makompyuta, ananong'oneza Valeriu.

"Achimwene, makinawa alemedwa. Mukufuna aulutse kwa achemwali, ajambulenso zosunga, zonse pa chithunzi chapamwamba. Chitsitseni pang'ono, ndipo asunge zomwe akuulutsazo, asagwire ntchito kawiri. Tiyese kaye mphindi zisanu."

"Iwe, digiri yakoyo ukapachike kukhoma. Bambo anga aoneke mbuu ngati chithunzi cha pachiphaso? Ndajambula maukwati angati ine?"

"Kumaukwati mumangojambula, simuulutsa."

"Pita ukathandize azimayi kunyamula mikate."

Ilinca anapita.

Kumanda bokosi linali lotsegula, anthu akupsompsona malemu pachipumi mmodzimmodzi. Valeriu anasendeza kamera pafupi.

"Achemwali, bambo ndi awa. Tsanzikanani nawo."

Anaigwira choncho mphindi yathunthu. Wansembe anagwedeza mutu, amuna anayi n'kukhoma chivundikiro.

Dothi litakwiriridwa, Valeriu anatulutsa foni yomwe anaitseka mawu. Profira anali ataimba kakhumi ndi kamodzi. Uthenga womaliza unati: "Sindikuona kanthu. Chonde musatseke."

Chithunzi chinali chitaima pamene ankalowa pa chipata cha manda, koma mawu ankapitabe. Profira anamva nyimbo, anamva mlongo wake akunena kuti "bambo ndi awa", anamva hamala. Nthawi yonseyo maso ake anali pa chipata chachitsulo chotseguka theka.

M'mawa mwake Valeriu anatsegula zomwe anasunga zija kuti amutumizire. Munali mphindi makumi anayi za chipata chomwecho. Ali chikhalire, Profira anaimba. Sanakalipe.

"Munawaveka jekete lotani?"

"Lakuda lija, achemwali."

"Tsitsi munawapesa? Paja sankafuna kuoneka osapesa."

"Tinawapesa."

"Chabwino. Agogo adzuka kuno, ndikawasambitse."

Akuti mpaka lero Profira akalota bambo ake, amamva mawu awo okha kuseri kwa chipata.

Phunziro: Makina akachenjeza kuti alemedwa, amvereni, ndipo mumverenso munthu amene wakuuzani motsitsa mawu. Musanaulutse ndi kujambula nthawi imodzi, yesani kaye, tsitsani chithunzi, muike wina woti azionera ngati zikufika. Chithunzi chosawala kwenikweni chimaposa chokongola chomwe sichinafike, chifukwa bokosi salitsegula kawiri. Tumizirani onse amene ali ndi abale kunja.